Galimoto ya Ndalama za Kabichi

"Ndiye mukuti ine, zaka fifitini ndili pamsewu, galimoto sindiidziwa?" anafunsa Edwell uku akugogoda tebulo ndi foni.

"Sindinatero, alamu," anayankha Esnati. "Ndati imene mukundionetsa pafonipo ndi yokongola, koma ine sindikusaka kukongola. Ndikufuna yaing'ono, yamimba yokwera, yokoka ndi matayala onse anayi. Basi."

Edwell anali mkulu wake wa Yotam, mwamuna wa Esnati. Anafika m'mawa womwewo kuchokera ku Jumbe, kumene ankayendetsa minibasi ya eni, atangomva kuti ndalama za galimoto zakwana m'nyumba ya mng'ono wake. Yotam anakhala pakati pa awiriwo akusenda mango amene sankawadya. Kampu ya alendo oona nyama kumene ankaperekera zakudya inali itatseka, monga imachitira mvula ikayandikira, ndipo kutsogolo kwake kunali miyezi isanu yokhala pakhonde.

"Matayala anayi, matayala anayi," anatero Edwell moseka. "Kodi ilipo ya matayala atatu? Nyimbo imeneyi wakuphunzitsani ndani?"

"A Abson, amakanika a ku loji yogona alendo ija."

"Wamva, Yotam? M'nyumba mwako mukulamula amakanika."

"Palibe akulamula, akulu," anatero Yotam chapansipansi. "Amake Tina akungofotokoza."

"Ndifotokozenso bwino, pasadzapezeke wonena kuti sanamve," anatero Esnati. "Amayi Delia, amene amagula ndiwo za kukhitchini ku loji, andiuza kuti ndikamafikitsa letesi, matimati ndi kabichi Lolemba ndi Lachinayi lililonse naini koloko isanakwane, dzinja lonse osajomba, asiya kuitanitsa ku Chipata. Azigula kwa ine chaka chonse, tilemberana. Ndikajomba kamodzi, nkhani yatha. Loji imeneyo sitseka m'dzinja, ndipo mlendo sauzidwa kuti kwagwa mvula, mudya mawa. Dimba ndalikweza pamtunda, neti yotchingira mbewu ndamanga. Chatsala ndi dambo la makande lija, dothi lakuda lonata, pakati pa kuno ndi msewu wa tala. Mvula ikagwa kawiri, matope amamata njinga mpaka tayala kuleka kuzungulira. Zaka sikisi ndakhala ndikuonerera ndiwo zanga zikuwolera m'dimba. Chaka chino ayi."

"Walira mvula walira matope, mlamu. Munasankha nokha kulima njira ya ku Malama kuchigwa kuno, kumene ngakhale njovu zimatitimira."

"Njovu ndinathana nazo ndi mpanda wa tsabola. Matope ndithana nawo ndi galimoto."

"Pakamwa pokha muli napo. Koma kugula galimoto si kugula mbewu ya repu. Ndi nkhani ya amuna. Chalaka bakha nkhuku singatole. Mupatseni Yotam ndalamazo, ndipite naye ku Chipata, inu mudikire kumva hutala pabwalo."

"Kandimverere anakanena za m'maluwa. Thukuta ndi langa, ndipita nawo."

"Lanu?" Edwell anatembenukira kwa mng'ono wake. "Yotam, kodi padenga limodzi pano pali nyumba ziwiri? Ndalama za kabichi zayamba kukula kuposa mwini khomo?"

Yotam anaika mpeni pansi. Mawuwo anamulasa, nkhope inaonetsa.

"Tipita tonse atatu," anatero. "Amake Tina asankha, akulu muyang'ana injini. Mutu umodzi susenza denga."

Esnati anamuyang'ana mwamuna wake, namukhulupirira.

Lachisanu la sabata yomweyo anali ku Chipata, pabwalo lina logulitsira magalimoto ochokera kunja. Mwini bwalolo, Ronnie, anamukumbatira Edwell ngati mnzake wakale, Yotam anamutchula abwana, ndipo Esnati anamulozera mpando wapulasitiki pamthunzi. Esnati sanakhale.

Magalimoto awiri a mtundu umodzi anaima moyandikana, ofanana thupi ngati mapasa. Yoyera inali yokalikakalika pachitseko, mipando yake yotuwa. Yofiira inkawala moti munthu ukanametera ndevu pagalasi lake. Zonse ziwiri zinali ndi kachizindikiro kumbuyo konena kuti zimakoka ndi matayala anayi.

"Mwaonatu, amayi," anatero Ronnie, akusisita kachizindikiroko ndi chala. "Zalembedwa."

"A Abson anati zolembazo ndisazikhulupirire, zimagulidwa pamsika n'kumatidwa," anayankha Esnati. "Anati ndigone pansi ndione ndekha. Ikakhala yokoka ndi onse anayi, pamakhala chitsulo chachitali ngati munsi, chochokera kutsogolo kukalowa mu kamphika kachitsulo pakati pa matayala akumbuyo."

Anatulutsa thumba lopanda kanthu m'chikwama mwake, naliyala pambali pa yofiira ija. Asanagwade n'komwe, Yotam anamugwira dzanja.

"Mukuchita chiyani?"

"Ndikuyang'ana."

"Pano? Pamaso pa akulu anga ndi amuna onsewa? Mkazi wapabanja kugona chagada pabwalo la anthu, miyendo ili kunja?"

"Ndavala thalauzi m'kati mwa chitenje, atate a Tina. Ndinakonzekera."

Amuna awiri amene ankaona galimoto ina anasiya, natembenuka kuti aonerere. Ronnie anaseka pang'ono.

"Amayi, kuno tili ndi ulemu wathu. Alekeni abambo agwire ntchito."

"Kodi kuchigwako mwambo munausiya kuti?" anatero Edwell. "Mlamu wamkulu saona mkazi wa mng'ono wake atagona pansi. Mukufuna mundipatse mlandu? Bweretsani thumbalo."

Anagwada, nalowetsa mutu pansi pa galimoto kwa kamphindi kongomezera malovu, nadzuka akukunkumula maondo.

"Chilipo. Munsi wanuwo, ndi kamphika kake komwe."

"Nanga yoyerayo?"

"Nayonso, koma injini yake yatopa. Ine ndimadziwa pongoona."

"Simunailize n'komwe, alamu. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ine mtima wanga uli pa yoyera."

"Munafuna chitsulo, chitsulo chapezeka," anatero Yotam, dzanja lija asanalisiye. "Mukufuna akulu anga alumbire? Musandichititse manyazi kawiri tsiku limodzi."

Esnati anayang'ana amuna asanu amene anamuzungulira. Anapinda thumba lake. Mu ofesi, Ronnie anapempha chitupa kuti alembe dzina la mwini galimoto m'buku lake. Esnati akutsegula chikwama, Yotam anali atapereka kale chake.

"Dzina ndi dzina chabe," anamunong'oneza. "Inu ndi ine ndife thupi limodzi."

Potuluka, Edwell anatenga makiyi. Anati galimoto itsale kwa iye ku Jumbe masiku atatu, amalize za inshuwalansi ndi msonkho wa pamsewu, chifukwa apolisi akuchigwa sagona.

Masiku atatu anasanduka masabata awiri. Yotam anapita ku Jumbe kawiri, ati kukasaina mapepala, ndipo ulendo wachiwiri anagona konko masiku anayi. Amayi ogulitsa nsomba anamuuza Esnati kuti aona galimoto yofiira ikutsitsa anthu pamsika wa ku Mfuwe, amuna ake ali pachiwongolero. Esnati anati mwina akuyesa injini. Mitambo inkadzadza kum'mawa tsiku ndi tsiku, ndipo Lachisanu mvula yoyamba inagwa.

Galimoto inafika Lamulungu masana, Yotam akuyendetsa. M'kati munkanunkha nsomba za kapenta ndi thukuta la anthu ambiri. Mwana wawo Tina anavina mozungulira, oyandikana nawo anabwera kudzaigwiragwira. Esnati anadikira onse apite. Kenako analowa pansi pake, chagada, pafumbi lonyowa la pakhomo pake.

Anaona paipi ya utsi. Anaona thanki ya mafuta. Pakati pa matayala akumbuyo panalibe kamphika, panalibe munsi, panali mphepo yokha.

"Chitsulo palibe," anatero atadzuka.

"Mwina simunaone bwino," anayankha Yotam.

"Bwerani mugone nokha. Inu mwambo sukuletsani."

Yotam sanasunthe pampando.

"Mwina akulu anasokoneza ndi paipi. Koma galimoto ndi galimoto, amake Tina. Anthu amadutsa padambo paja ndi zing'onozing'ono kuposa iyi."

"M'chilimwe. Tikaibweze mawa, titenge yoyera."

"Yoyera inagulidwa kale. Ndipo Ronnie sabweza katundu wotuluka pageti. Mawa ndi Lolemba, mukaiwala? Ndikuperekezani, idutsa."

"Mwadziwa bwanji kuti yoyera inagulidwa?"

Yotam anadzuka, nati akaone ngati mbuzi zalowa m'khola.

Mvula inagwa mpaka mbandakucha. Sikisi koloko makireti anali atapakiridwa, letesi atafunditsidwa nsalu yonyowa. Esnati anakhala pachiwongolero. Laisensi anali nayo, ndipo Abson anali atamuphunzitsa kuyenda m'matope: osaima, osaponda moto mopitirira. Anachita zonse monga anaphunzirira. Koma amene sanakhalepo kuchigwa makande sawadziwa. Galimoto inalowa m'dambo, inayenda pang'ono, inagwedeza matako, kenako mphuno yake inamira. Matayala akutsogolo anazungulira n'kumadzikumbira manda. Akumbuyo anangoima phee ngati alendo pamaliro a eni.

Anaika nthambi, anaika miyala, anakumba ndi manja. Anthu opita kuminda ndi kuchipatala anaima. Amuna anayi anavula nsapato nakankha mpaka matope anawafika m'chiuno. Eyiti koloko inadutsa. Dzuwa la kuchigwa linatuluka ngati likubwezera.

"Vuto ndi mkazi pachiwongolero," anatero mmodzi mwa okankhawo akupukuta nkhope. "Achimwene, bwanji munawapatsa?"

"Ndinawauza kuti andisiyire ndiyendetse," anayankha Yotam. "Koma mukudziwa amayi a masiku ano."

Esnati anazimitsa injini. Anatsika, matope akumumeza mpaka m'maondo.

"Imvani nonse amene muli pano," anatero. "Galimoto iyi ndinagula ine, ndi khasu langa. Ndinanena imene ndikufuna. Amuna angawa ndi akulu awo anandiletsa kuyang'ana pansi pake, ati ndi mwambo. Akulu awo anayang'ana, nandinamiza pamaso. Mbala si yothyola chitseko yokha ayi. Ina imadya nawe m'mbale imodzi, n'kumakuuza kuti ndinu thupi limodzi."

Amayi ena anagwira pakamwa. Yotam anayang'ana kumbali.

Thirakitala ya kampani ya thonje inawakoka masana. Anafika ku loji wani koloko itadutsa, letesi atagona ngati nsanza. Amayi Delia anatuluka kukhomo la kukhitchini akupukuta manja.

"Mwaswera bwanji, amake Tina?"

"Sindinaswere, amayi. Ndinatitimira."

"Ndaona." Amayi Delia anakweza nsalu ija, naibwezera. "Ndinadikira mpaka teni. Foni yanu sinkapezeka. Abwana anaimba okha ku Chipata, ndipo a ku Chipata anati akabwereranso ndiye ndi chaka chonse. Abwana avomera. Miyezi itatu ndakhala ndikukulankhulirani, mwana wanga. Ndinawauza kuti mayi ameneyu akanena chinthu amachita."

"Lachinayi ndinyamula pamutu, ndifika."

"Lachinayi kukhitchini kudzakhala kodzadza kale. Pepani."

Loweruka m'mawa panakhala bwalo la ankhoswe pansi pa mtengo wa mango. Wodandaula sanali Esnati. Edwell ndiye anaitana a Benwell, amalume ake a Esnati amene anaimira ukwati wake, kuti mwana wawo watukwana banja.

"Anatitchula mbala pamaso pa anthu, ine ndi mwamuna wake," anatero Edwell. "Nkhani yafika mpaka pasiteji ya ku Jumbe. Ine ndikalowa m'basi, anzanga akubisa mafoni m'matumba n'kumaseka."

"Mwana wanga, n'zoona?" anafunsa a Benwell.

"N'zoona, amalume. Tsono afunseni ngati chitsulo chija anachiona."

"Sindinachione, ndipo sindikana," anatero Edwell asanafunsidwe. "Ndinadziwa ndisanagwade n'komwe. Ine ndi wapamsewu. Yokoka ndi anayi imamwa mafuta ngati chidakwa. Ndiye tigule galimoto yoyenda kawiri pasabata kunyamula masamba a azungu, masiku ena onse ili pansi pa mtengo, nkhuku zikuikiramo mazira? Pa tala yofiirayi imayenda tsiku lililonse, imadzadza popita ndi pobwerera. Mng'ono wanga miyezi isanu amakhala manja lende, anthu akumuseka kuti akuleredwa ndi mkazi. Ndamupezera ntchito. Pamenepo ndalakwa chiyani?"

Esnati anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Atate a Tina, pamene munandigwira dzanja ku Chipata paja, munkadziwa?"

"Ndinkati mvula ichedwa chaka chino," anatero Yotam, maso ali pansi. "Ndinkati ikadutsa kangapo, kenako tiona chochita."

"Ndafunsa kuti munkadziwa?"

"Inu simudziwa mmene zimawawira, munthu wamwamuna kupempha mkazi ndalama yometetsa tsitsi."

"Ndiye munaona kuti kuba kukuwawa pang'ono kuposa kupempha."

"Pakamwa pamenepo ndi pomwe tabwerera," anatero a Benwell akukweza dzanja. "Esnati, mvera. Madzi akatayika sawoleka. A Edwell akanatha kukuuza, inde, pamenepo anaphonya. Koma galimoto sinatuluke m'banja. Mwamuna wako akapeza, wapeza ndiwe. Chimene chatuluka m'banja ndi mawu ako aja. Za m'nyumba sitiyanika padambo ngati chinangwa."

"Amalume, zaka sikisi. Ndinkadzuka foro koloko kuthirira ndi ndowa. Ndinagona m'dimba kuthamangitsa njovu ndi moto, Tina ali kumsana. Amuna angawa ali kukampu, alamu ali ku Jumbe. Pa zaka zonsezo palibe anabwera kudzanena kuti dimba ndi nkhani ya amuna. Yangokhala ya amuna pamene yasanduka galimoto."

"Ukuonjezera mlandu."

"Ndipita kukhoti ku Mambwe."

A Benwell anaseka mwachisoni, natsamira kutsogolo.

"Ukanena chiyani kumeneko? M'buku la galimoto muli dzina la ndani? Nanga malo a dimba lakolo, kwa eni nthaka anakapempha ndani, si mwamuna wako? Ukachoka pakhomo pano, uchoka ndi chitenje chako ndi ndowa yako. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, mwana wanga. Ine ndikukutetezera chotsalacho. Gwira nkhuku, upepese alamu ako ndi amuna ako, dimba likhale lako."

Esnati anayang'ana kumtunda, kumene neti yake yobiriwira inkaoneka kuseri kwa nkhokwe. Kenako anadzuka, napita kukhola. Anabwera ndi thadzi lake lakuda, nagwada, nalipereka ndi manja awiri. Pa anthu anayi amene anakhala pansi pa mtengo paja, woberedwa ndiye anagwada.

"Chibale ndi fupa, sichiwola," anatero Edwell akumanga miyendo ya nkhuku. "Ine mtima wanga wayera."

Tsiku lomwelo, dambo litaumako pang'ono, galimoto inabwerera ku Jumbe, nkhuku ili kumbuyo.

Matimati sadikira kuti mwini wake atonthole. Patapita sabata, Esnati anaolotsa madengu awiri padambo paja, limodzilimodzi pamutu, mpaka anafika pamphambano pa msewu wa tala. Ankapita nawo kumsika wa ku Mfuwe, kukagulitsa pamtengo uliwonse umene angapeze. Anadikira minibasi. Imene inaima inali galimoto yofiira, anthu atapanikizana m'kati, Yotam ali pachiwongolero atavala magalasi akuda.

Anatsika msanga, natsegula kumbuyo.

"Amake Tina, mukanandiimbira. Kwerani kutsogolo, abambowa asendera."

"Ku Mfuwe ndi zingati, adalaivala? Munthu mmodzi ndi madengu awiri."

"Musatero, anthu akumva," anatero Yotam motsitsa mawu. "Inu simulipira. Madengu okhawa, akulu anati katundu wanu azilipira theka. Madzulo amawerengera ndalama ndi mafuta."

"Kodi mukudziwana?" anafunsa mayi wina pawindo.

Esnati anamasula mfundo ya pachitenje, natulutsa ndalama ya munthu ndi ya madengu, yathunthu.

"Theka ndi la achibale," anatero. "Ine ndilipira zonse."

Yotam anayang'ana dzanja lotambasulidwalo, lamatope mpaka pachigongono. M'galimoto wina anadandaula kuti akuchedwa kuntchito. Yotam analandira.